Pepala la Maliro pa Geti la Bai Grozdan

Kwathu kuno kumunsi kwa mapiri a Sliven, mukanafunsa nyumba yopanda phokoso, aliyense akanakulozerani kwa a Stoimen ndi akazi awo a Nevena. Nyumba zina, tisatchule maina, mbale zinkauluka Loweruka lililonse. Koma kwa a Stoimen khonde linali losesa, mphesa zitayanga mpaka padenga, ndipo Lamlungu ankapita kutchalitchi onse atatu: bambo, mayi ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Momchil.

Momchil anali mnyamata wamtali, wofatsa, wopereka moni ngakhale kwa zidakwa. Anabatizidwa ali m'manja mwa Mayi Tsveta, akazi a Bai Grozdan a kuseri kwa mpanda (paja Bai ndi mawu aulemu otchulira bambo wachikulire). Iwo analibe mwana, choncho banitsa, mkate wathu woika tchizi m'kati, ikatuluka mu uvuni, kagawo kapakona kokhala ndi tchizi wambiri kankadutsa pamwamba pa mpanda kupita kwa Momchil.

Chaka china tirigu atakololedwa, Bai Grozdan anatentha ziputu m'munda mwawo. Mphepo inatembenuka, moto unalumpha malire, ndipo theka la munda wa mapichesi wa a Stoimen linapsa psiti.

Patapita masiku Bai Grozdan anabwera, chipewa chili m'manja, akukankha wilibala yodzaza mbande, uku akutsimphina monga ankayendera.

“Ndalakwa, m'bale wanga. Ndilibe pobisa nkhope.”

“Moto ulibe maso,” anatero a Stoimen. “Valani chipewacho, dzuwa likuotchani dazi. Tiyeni tikabzale.”

Anabzala, nabwerera kudzamwa rakiya, kachasu wathu wa zipatso, pansi pa mphesa. Momchil ankaonera pakhomo, nsagwada zitauma. Mlendo atachoka anati, “Basi, bambo? Mitengo imene munabzala ine ndisanabadwe, yathera m'kapu?”

“Umafuna nditani, ndimuthyole mwendo winawo? Mitengo imaphuka, mwana wanga. Mnansi ukamudula saphuka.”

Momchil anangoumeza mkwiyowo, ndipo mkwiyo womeza umamera mizu.

Tsono m'mudzi mwathu munali Asen, wojambula maukwati. Anajambula maukwati a anthu onse, koma ake awiri anatha, ndipo mkazi wachiwiri anathawa ndi woimba wa paukwati womwewo. Zimenezo ndi zina. Asen anali ndi kashopu pafupi ndi malo omwera khofi. Mmenemo ankasindikiza zithunzi ndi mapepala, ndipo masana ankaonetsa anyamata mafilimu otchipa, ojambulidwa m'magaraja ndi m'mafakitale ogumuka. Nkhani yake inali imodzimodzi: munthu wamba alakwiridwa, apolisi angoyasamula, iye avala jekete lachikopa n'kukamaliza yekha adani ake onse.

Momchil analowamo koyamba pothawa mvula. Anatuluka dzuwa litapendeka, mtima ukugunda mokoma.

“Waona, mphwanga?” anatero Asen. “Mulibe makhoti, mulibe zopepesana. Ndiye chimene anthu amazikondera. Aliyense ali ndi munthu amene amafuna atamutsamwitsa, koma amamupatsa moni pamsika. Umu amapumira.”

“Bambo anga amati kubwezera n'kwa Mulungu.”

“Mulungu ali ndi ntchito zambiri, aise. Ife tingomuthandiza pa kanema. Kamera ndili nayo. Iwe uli ndi msinkhu, uli ndi nkhani. Nanga munda uja unapsa wokha?”

Kuyambira pamenepo Momchil anasiya kupita kumunda. Ankadzuka, kudzola mafuta m'tsitsi, ulendo kwa Asen. Anatenga jekete la malemu amalume ake m'sutikesi osapempha. Mfuti anasema ku mwendo wa mpando. Magazi anali matimati ophika ndi tsabola wofiira amene a Nevena anasunga m'mabotolo kuti adye nyengo yachisanu. Anyamata oti afe mufilimu ankalipidwa ndi rakiya wa a Stoimen, ndipo m'chigubu Momchil ankabwezeramo madzi. Kamera inkagwidwa ndi aliyense amene sanafe m'chigawo chimenecho. Munthu woipa wa mufilimuyo, wotentha munda wa mmphawi, anali Asen mwini wake, atamata ndevu za ubweya wa nkhosa pamlomo, atavala chipewa chotuwa, akutsimphina mwendo wamanzere.

Lamlungu lina masana anaionetsa mu holo ya mudzi. Anthu anadzaza mpaka m'mazenera: nkhalamba zolandira penshoni yosakwana mankhwala, amuna ochotsedwa ntchito fakitale ya zipatso itatsekedwa, amayi amene amuna awo anapita kukagwira ntchito ku Spain n'kuiwala njira yobwerera. Mawu a filimuyo sankamveka bwino, ndipo pena nkhuku inkadutsa pakati pa nkhondo. Palibe anadandaula. Woipa uja atangotulukira akutsimphina, wina anakuwa kumbuyo, “Si Grozdan uyo!” Holo yonse inagwa ndi phwete.

“Mmenye! Mmenyenso!” ankafuula agogo ena amene sanaphepo ngakhale ntchentche. Aliyense ankaona mdani wake pansi pa chipewa chotuwacho, wina bwana wake wakale, wina mlamu wake.

Mayi Tsveta anali pamzere wachiwiri, atanyamula banitsa yoti apatse mwana wawo wa ubatizo akamaliza. Filimu ili pakati anaisiya pampando, natuluka mwakachetechete.

Momchil sanawaone. Iye ankamva m'manja mokhamokha. Paja mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Atafika kunyumba anapeza amayi ake akupukuta mabotolo opanda kanthu.

“Za matimati anga sindikunena,” anatero a Nevena. “Za rakiya wa abambo ako amene wasanduka madzi a pampopi, sindikunenanso. Koma unawaona Mayi Tsveta akutuluka?”

“Ndi sewero chabe, amayi.”

“Sewero loseka munthu wamoyo, amene anabwera pano chipewa chili m'manja? Manja amene anakugwira pa ubatizo lero anali kupukuta misozi.”

A Stoimen anangowonjezera mawu ochepa. “Nkhani ija ndinaitseka ine mwini munda. Iwe ukuitsegula ndi kiyi wa ndani?”

Koma kumsika mawu anali ena. “Ngwazi yathu! Yachiwiri ituluka liti? Ulendo uno umumalize, usamusiye akupuma!” Atsikana amene kale sankamuyang'ana anayamba kumufunsa ngati jekete lija limamutentha. Momchil anabwerera kwa Asen.

Kwathu kuno imfa imamveka ndi pepala. Munthu akatisiya, abale amasindikiza chithunzi chake, mtanda pamwamba, mzere wakuda m'mphepete, n'kukhoma pageti, pamtengo wa kutchalitchi ndi pokwerera basi. Palibe amene amafunsa ngati n'zoona. Pepala limenelo silinanamepo. Ndipo amene ankasindikiza mapepala a mudzi wonse anali Asen yemweyo.

“Mathero ake ndawapeza,” anatero Asen tsiku lina, akutulutsa pepala m'makina. “Taona.”

Panali nkhope ya Bai Grozdan eni ake, akumwetulira, chithunzi chodula ku ukwati wina. Dzina lawo lonse linali pansi pa mtanda.

Momchil anabwerera m'mbuyo. “Achimwene, izi ayi. Munthuyo ali kuchipatala kutauni, akumuchita opaleshoni lero.”

“Ndiye bwino, sationa. Tikhoma pageti pawo, tijambula, tichotsa. Ukuganiza holo idzatani ikadzaona nkhope yeniyeni? Adzakunyamula pamapewa, mphwanga. Kapena wayamba mantha ngati abambo ako?”

Mawu otsirizawo ndi amene anamukola.

Anapita masana, msewu uli zii, Mayi Tsveta atapita kutchalitchi kukayatsa kandulo yopempherera amuna awo. Momchil anakhoma pepalalo ndi timisomali, mowongoka bwino. Kenaka anakweza kolala ya jekete, natembenuka, nayamba kuyenda pang'onopang'ono.

“Usacheuke!” anakuwa Asen akumutsatira ndi kamera. “Ngwazi sicheuka! Yenda, yenda, yendabe!”

Anayendadi osacheuka, kudutsa pachitsime, kukhota pakona, mpaka kukafika pomwera khofi. Kumeneko anakhala pansi n'kumaonerera zimene anajambula, akubwereza, akuyamikirana. Khofi atafika pakati, Momchil anadzidzimuka.

“Pepala lija!”

“Likhale pang'ono,” anatero Asen. “Amve nawo mmene moto umaotchera.”

Momchil anali ataimirira kale. Anayang'ana kumsewu, anayang'ana nkhope yake pa kamera, yooneka bwino ngati ya munthu wa kunja. Anakhalanso pansi. Apa m'pamene anachimwira, chifukwa kuiwala kunali kutatha, kunatsala kufuna.

Sipanatenge nthawi, belu la tchalitchi linayamba kulira, kamodzikamodzi, kulira kwa maliro. Amayi ena odutsa anali ataona pepalalo, nathamangira kukauza woliza belu.

Momchil anathamanga ngati wamisala. Pageti anapeza anthu ataunjikana, amuna atavula zipewa. Mayi Tsveta anali gone pansi, buledi amene anagula pobwerera atagubuduzikira m'ngalande. Anali atamva belu ali m'njira, nafunsa kuti wamwalira ndani, anthu n'kumangoyang'ana pansi. Anadziwerengera okha pageti pawo. Tsopano mutu wawo unali pamiyendo pa a Nevena, pakamwa patapotokera mbali imodzi.

“N'zabodza!” anakuwa Momchil akung'amba pepalalo. “Ali moyo! Ndi filimu chabe! Mayi Tsveta, ndine Momchil, ali moyo!”

Maso awo anamuyang'ana, koma kaya anamva, palibe akudziwa. Anamwalira mmawa mwake m'chipatala chomwecho, pamene amuna awo ankatsitsimuka bwinobwino m'chipinda china, akufunsa ngati Tsveta wabweretsa msuzi.

Asen anakwera basi yoyamba kupita kwa mlongo wake kunyanja, kamera ili kukhwapa. Anthu aja amene ankafuula kuti “mmenye” ndiwo anayamba kulavula malovu akamadutsa pa nyumba ya a Stoimen. Aliyense ankati iye sanaseke mu holo muja.

Momchil anadzitsekera m'chipinda. Iye ankadziwa mmene nkhani zotere zimathera, anali ataziona kambirimbiri. Wolakwiridwa amabwera. Geti likalira, ankangoti ndi Bai Grozdan amenewo, abwera ndi nkhwangwa.

Bai Grozdan anabweradi, tsiku loti mawa maliro. Anali atawerama, dzanja lina litagwira pamimba pamene anasokedwa, lina litanyamula mpukutu wa mapepala ndi kachitini ka timisomali. A Stoimen anamutulutsa mwana wawo pakhonde.

Momchil anagwada. “Bai Grozdan, ndimenyeni. Chitani chilichonse.”

“Zomenyana n'za m'mafilimu ako. Ine ndili ndi maliro.” Anamupatsira mpukutuwo. “Ndamva kuti umakhoma mowongoka. Ine sindingakweze mkono. Nyamula, tiye.”

Anayenda mudzi wonse awiriwiri, dzuwa likuswa mtengo, nkhalamba ikutsimphina patsogolo, mnyamata pambuyo. Anakhoma pokwerera basi. Anakhoma pamtengo wa kutchalitchi. Anthu ankasuzumira m'makatani. Pomaliza anafika pageti paja. Timabowo ta misomali yake tinali tikadalipo, ndi kachidutswa ka pepala lakale kali lende.

“Pomwepo,” anatero Bai Grozdan. “Usaboole pena.”

Momchil anatambasula pepalalo. Mayi Tsveta ankamwetulira, atavala mpango wa maluwa umene anavala pa ubatizo wake. Misomali inagwa, anaitola, inagwanso. Nkhalamba inadikira mpaka anamaliza.

“Wamaliza? Tsopano cheuka, umuyang'ane. Uyu ndiye munthu amene wamubwezera.”

Apolisi atabwera kudzafunsa, Bai Grozdan anati alibe mawu. Koma paja kwathu pepala silikhomedwa kamodzi. Pakatha masiku makumi anayi limatuluka lina, pakatha theka la chaka lina, kenaka chaka ndi chaka. Nthawi iliyonse nkhalamba ija imagogoda pampanda ndi kachitini kake, ndipo Momchil amasiya chimene akuchita n'kunyamula. Masiku ano amalima minda yonse iwiri, wa bambo ake ndi wa Bai Grozdan. Mbande zija zinakula, zikubereka mapichesi okoma kuposa akale. Jekete lija a Nevena anayalira galu. Mu holo mukabwera filimu, Momchil amadutsa kutsidya lina la msewu.

Ana inu, imvani. Mkwiyo umene makolo anu aukwirira, musakaufukule kuti anthu akuombereni m'manja. Kubwezera kumakoma pa kanema chifukwa wakufa amadzuka, n'kupukuta matimati, n'kupita kukamwa khofi. Kunja kuno sadzuka, ndipo kawirikawiri wogwayo si amene munamuloza. Mawu a Mulungu amati kubwezera n'kwake. Musiyireni. Momchil anapeza munthu womukhululukira, koma mpaka lero akukhomabe nkhope ya mayi amene ankamusungira kagawo kapakona.