Mphini za Esinati

Chigayo cha zithunzi cha ku Limbe chikalira, nkhuku za ku Thyolo zinkaleka kuikira mazira. Musaseke. Mwala woyamba wa maziko ake ndinanyamula ndine, ndi dzanja limodzi, linalo ndikudyera nzimbe.

M'zaka zimenezo munthu sankafunsanso nzeru kwa munthu mnzake. Kunali Namayankha, makina olankhula opezeka m'foni iliyonse yatsopano. Ukamuonetsa chithunzi cha chilonda, ankatchula mankhwala ake. Ukamuonetsa nkhope, ankakuuza mudzi umene mwini nkhopeyo akukhala. Koma anali wosankha zakudya. Zithunzi za m'mafoni akale ankazilavula, ati mtundu wake sungamezeke. Ndiye kunabwera chigayocho. Unkathira chithunzi chakale pamwamba, n'kutuluka pansi chili mu mtundu umene Namayankha amalandira. Ndipo monga chimanga, chogayidwa sichinkabwereranso.

Tsiku lina kunafika Fulaitoni Namakhwa, telala wa ku Bangwe, ndi foni yomanga ndi mphira. M'menemo munali chithunzi chimodzi chokha cha mlongo wake Esinati, amene anasowa chaka cha madzi osefukira akadali mtsikana. Patsaya lakumanzere Esinati anali ndi mphini zitatu zimene sing'anga anamutema ali khanda. Fulaitoni ankafuna Namayankha amupezere.

Abiti Saizi, mayi woyendetsa chigayo, anaitembenuza foniyo ndi zala ziwiri.

"Achimwene, iyi mwaifukula kumanda ati?"

"Musainyoze, mayi. Inabadwa inu musanamere mano."

"Chabwino. Mgaiwa kapena woyera?"

"Kusiyana kwake?"

"Mgaiwa umatuluka ndi zonse: timadontho, fumbi, tsiku ndi malo ojambulira. Woyera timayamba takonola, madeya onse amachoka. Ine ndikanakhala inu..."

"Aa, mayi! Namayankha ndi mlendo wolemekezeka. Kwathu mlendo sapatsidwa mgaiwa. Mukufuna Bangwe yonse imve kuti Namakhwa wasauka? Konolani. Kawiri!"

Abiti Saizi anakweza mapewa n'kudina batani. Chigayo chinabangula mpaka phiri la Ndirande linasendera pambali pang'ono. Ndinalibwezera ndekha masana ake.

Chithunzi chinatuluka chowala mbee. Khungu la Esinati linali see, ngati mbale ya m'sitolo. Fulaitoni anachita kuwomba m'manja, nachitumiza kwa Namayankha pa foni ya pachigayopo.

"Zikomo bambo, chamezeka," anatero Namayankha. "Nkhope iyi ikufanana ndi za akazi zikwi makumi anayi, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Nampula. Amene mukumufunayo ali ndi chizindikiro chilichonse?"

"Mphini zitatu, patsaya lakumanzere!"

"Sindikuziona, bambo. Amphini ndi ambiri, ndipo sing'anga aliyense ali ndi katemedwe kake. Ndionetseni zakezo, ndimupeza lero lomwe."

Fulaitoni anayang'anitsitsa chithunzicho. Patsaya panalibe kanthu. Chigayo chinayesa mphinizo ndi litsiro, n'kuzichotsa.

"Mayi, madeya aja ali kuti? Ndipatseni, ndisankhamo ndekha."

"Apita kale m'paipi, achimwene. Timadyetsera timakina tating'ono tomwe tikuphunzira kujambula nkhope. Ndimafuna ndikuuzeni, munandidula pakamwa."

Fulaitoni anayatsa foni yake yakale ija. Pamene panali Esinati panangotsala bokosi lakuda.

Chaka chisanathe, timakina tija tinakula n'kuyamba ntchito yojambula zikwangwani zamalonda. Mtsikana wotsatsa sopo pamsewu wa ku Zomba anatuluka ndi mphini zitatu patsaya lakumanzere. Wotsatsa feteleza nayenso. Wa banki, wa mafuta odzola, ngakhale khanda lotsatsa phala, onse mphini zitatu zomwezo. Amalonda anayesa kufufuta, m'mawa zinkameranso.

Fulaitoni anajambula chikwangwani chimodzi n'kuonetsa Namayankha.

"Mphini izi ndikuzidziwa, bambo," anayankha. "Zili pa nkhope zoposa miliyoni tsopano. Mukufuna iti?"

Fulaitoni amasokabe zovala pakhonde lake ku Bangwe, atafulatira msewu. Mlongo wake ali pa ngodya iliyonse ya mzinda, ndipo n'chifukwa chake sadzapezekanso.