Malume Abwereka Dzina la Sophie

Lachitatu m'mawa, nkhungu isanachoke m'mapiri a ku Bembeke, Sophie anaitanidwa kuchipinda cha makompyuta. Anapeza aphunzitsi ake, Mayi Kettie, ataima pafupi ndi swichi, kabokosi ka mawaya ambirimbiri kamene kamalumikiza makompyuta onse a pasukulupo. Timagetsi take tina tinali titazima.

"Makompyuta a Folomu 4 sakulumikizika, chonsecho mayeso awo oyeserera ndi mawa," anatero mayiwo. "Wina analowa m'swichi dzulo masana n'kutseka makomo khumi olumikizira makompyutawo. Seva ikuti munthuyo ndi iwe."



Kale mawu achinsinsi olowera m'swichiyo anali amodzi, olembedwa pakapepala komata kunsi kwa tebulo, moti ngakhale alonda ankawadziwa. Mayi Kettie atabwera pasukulupo anakang'amba kapepalako. Kuyambira pamenepo, munthu akafuna kulowa, swichi inkayamba yafunsa seva ya mu ofesi, kompyuta imene inkasunga mayina a ololedwa ndi kulemba zonse zimene aliyense wachita. Mwa ophunzira onse, Sophie yekha ndiye anali ndi dzina mmenemo, ndipo ankalinyadira koopsa.

Koma dzulo lakelo kunabwera a Timoteyo, kalaliki wa sukuluyo, amenenso anali malume ake enieni a Sophie. Makina awo osindikizira makalata anali atasiya kulumikizika. Anayesa mawu akale aja, seva n'kuwakana.

"Sophie, tandinong'oneza akowo," anatero. "Kwathu kuno khasu timabwerekana, moto timapalana."

Nanga mwini mbumba amakanidwa? Si iwowa ankamukweza panjinga ali wamng'ono, atamufunditsa jekete lawo, kupita naye kusukulu m'chisanu cha mu Juni? Sophie anawanong'oneza.

"Ndikudziwa kuti manja ako sangachite zoterezi," anapitiriza Mayi Kettie. "Unapatsa ndani mawu ako?"

Sophie anangowerama. Kuchititsa manyazi malume ake pamaso pa aphunzitsi, zimenezo ayi.

"Ukapanda kunena, dzina lako ndilifufuta lero lomwe, ndipo silidzabwereranso."

"Fufutani, madamu," anayankha, misozi ili chuchuchu.

Pomwepo chitseko chinatseguka. Anali a Timoteyo, chipewa chawo chaubweya chili m'manja. Zonse anali atazimva ali pakhonde.

"Madamu, musiyeni mwanayu. Mbuzi yadya chimanga ndi ino, ya imviyi," anatero akudziloza pachifuwa. "Ndinkafuna kutsegula khomo limodzi, ndinatseka khumi. Ine ndimayesa ndabwereka khasu. Sindinadziwe kuti ndabwereka dzina la mwana wa mlongo wanga n'kukaligwetsa m'matope."

Anatembenukira kwa Sophie. "Undikhululukire, mama. Ndinakupempha chinthu chimene sukanatha kundikana."

Mayi Kettie anapuma mozama, n'kukhala pansi. Anatsegula makomo aja limodzilimodzi, timagetsi tinayambanso kuphethira.

"Sophie, dzina lako ndaliimitsa masabata awiri, chifukwa mawuwo unapereka ndiwe. Ukadzabwerera udzasankha mawu atsopano. Inu a Timoteyo, ndikulembani dzina lanulanu, koma loonera chabe. Kutseka ndi kutsegula muziitana ife."

"Ngakhale loonera pawindo, madamu, ndalandira ndi manja awiri!"

Sophie anaseka misozi isanaume. Masabata awiri anamuwawa ndithu, koma dzina lake linali lisanafufutidwe.

A Timoteyo anakhala pampando kuti asankhe mawu awo achinsinsi, akusakasaka zilembo ndi chala chimodzi. Sophie anasendera kumbuyo kwawo kuti awathandize. Iwo msangamsanga anavundikira chala chija ndi chipewa.

"Iwe, tayang'ana kukhoma!"

"Aa, amalume! Si paja khasu timabwerekana?"

"Khasu ukatenge kunyumba, ngakhale onse awiri," anatero a Timoteyo, chipewa chili chivundikirire. "Ili ndi dzina langa."