Ndani Angalange Amalume?

Nkhani iyi anandiuza ndi a Makina, okonza njinga. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, pa kamsika kena kufupi ndi Phiri la Michesi, ku Phalombe. Tayala la njinga yanga linali litaphwa. Iwo ankamata chubu, ine ndinkamvetsera. Ine ndine woyendayenda, ana inu. Ena amatola nkhuni. Ine ndimatola nkhani. Iyi ndi ya mtsikana wina, dzina lake Felista.

Felista ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kubwerera kusukulu.

Sukulu sinali kutali. Inali tsidya lina la msewu. Belu likalira, Felista ankalimva ali pakhonde. Ana akamaimba, ankawamva. Makope ake anali m'jumbo. Jumbo linali pa msomali. Palibe ankalikhudza.

Zinayamba motere.

Zaka zimenezo, matipate atabwera kale, pamsika paja anathirapo phula. Kenako kunabwera anthu ndi utoto. Anajambula mizere yoyera yodutsa msewu. Anajambula n'kumapita. Sanauze munthu ntchito ya mizereyo.

"Ndi pokwezera katundu," anatero ena.

"Ndi poimira galimoto," anatero ena.

Amalume ake a Felista, a Goliati, anali ndi lole yobiriwira. Ankagula nandolo kwa alimi. Iwo anaikonda mizere ija. Anaimika lole pomwepo. Anapachika sikelo kumbuyo kwa lole. Mmawa lole inali pamizere. Masana lole inali pamizere.

Aphunzitsi ankauza ana kuti, "Muziwolokera pamizere." Koma pamizere panali lole. Ana ankazungulira kuseri kwake.

Tsiku lina Felista ankapita kusukulu ndi mlongo wake wamng'ono, Davison. Anamugwira dzanja. Anafika kuseri kwa lole. Felista anasuzumira. Sanaone kanthu. Davison anatsogola pang'ono.

Njinga inatulukira. Inali itasenza matumba a mpunga wa ku Chilwa. Inali yolemera. Wanjinga sanamuone mwana. Mwana sanaione njinga.

Davison anagwa. Mpunga unamwazika pa phula. Wanjinga anakhala pansi n'kuyamba kulira ngati mwana.

A Goliati anathamanga. Anamunyamula Davison. Anapita naye kuchipatala pa lole yomwe ija. Mwendo unali utathyoka. Anauika m'chikhakha choyera.

Mmawa mwake lole inali pamizere.

Amayi awo, a Eveles, anapachika jumbo la makope a Felista pa msomali.

"Mwana wanga aliyense sawolokanso msewu uja," anatero. "Lole ikadali pamenepo, sukulu iyambe yaima."

"Ndiye auzeni amalume achotse lole," anatero Felista.

Amayi anayang'ana pansi.

"Aja ndi achimwene anga. Ndi eni mbumba. Mlandu wa pakhomo pano amaweruza ndi iwo. Ine ndikawauze chiyani?"

Felista ankadziwa. Mwana akaba nzimbe, ankamutengera kwa amalume. Akulu akakangana, ankaitana amalume. Amalume ankalanga onse.

Nanga amalume akalakwa, amawalanga ndani?

Madzulo amalume anabwera. Anabweretsa shuga ndi mabanzi. Anasisita mutu wa Davison.

"Mwendowo ukuti bwanji, msilikali wanga?"

"Ukuyabwa m'kati, amalume."

"Ukayabwa ndiye kuti ukupola."

Felista anagwada pambali.

"Amalume, bwanji lole muziimika pena?"

A Goliati anaseka pang'ono.

"Iwe Feli, alimi amandipeza pamizere. Ndikachokapo, nandolo apita kwa ena. Shuga uyu achokera kuti? Ija inali ngozi. Ngozi ndi ngozi."

Felista anadzuka. Banzi lake sanadye.

Masiku anapita. Belu linkalira. Felista ankalimva. Davison ankagona pamphasa, mwendo uli tasa.

"Achemwali, lero aimba nyimbo yanji?" ankafunsa.

"Ya mawerengero."

"Ndiimbireni."

Felista ankayamba kuimba. Pakati pa nyimbo mawu ankathawa.

Tsiku lina aphunzitsi anabwera kudzaona Davison. Felista anawaperekeza mpaka pa njira.

"Aphunzitsi, inu mumalanga ana ochedwa. Kalangeni amalume achotse lole."

Aphunzitsi anapukusa mutu.

"Ine ndimalanga ana anga a m'kalasi. Amalume ako sali m'kalasi mwanga. Si ine, Felista."

Felista anapita kumsika. Msika unali mbali yawo ya msewu. Anapeza bambo wodulitsa matikiti a msika.

"Bambo, inu mumathamangitsa ogulitsa pa njira. Kathamangitseni lole ija."

Bamboyo anakanda mutu.

"Mphamvu zanga zimathera pa mpanda uwu, mwanawe. Ukadutsa mpanda, ine ndine munthu wamba. Si ine."

Pa siteji panali anyamata oitanira minibasi. Iwo anamva zonse.

"Usalire, chemwali," anatero mmodzi. "Ife tikaphwetsa matayala onse. Aone zakuda."

Felista anaganiza.

"Mukaphwetsa matayala, lole ichoka bwanji?"

Anyamata anayang'anana. Mmodzi anamenya mnzake pa phewa.

"Wamva, mbuli iwe? Ukufuna lole imere mizu pamenepo?"

Onse anaseka. Felista sanaseke. Olanga amalume si iwonso.

Anabwerera kunyumba pang'onopang'ono. Si aphunzitsi. Si bambo wa matikiti. Si anyamata a pa siteji. Si amayi. Ndiye ndani?

Anakhala pakhonde. Belu lowerukira linalira. Anzake anadutsa ndi makope pamutu.

"Felista, wasiya sukulu?" anafunsa.

"Sindinasiye," anatero. Koma mawu ake anali aang'ono.

Linafika tsiku la msika waukulu. Amayi anamutuma Felista kukagula mchere. Pa siteji panaima minibasi. Munatsika mayi wina wapolisi. Anavala chipewa choyera. Mikono ya malaya ake inalinso yoyera.

Ana ena anathawa. Felista ankafuna kuthawa. Koma anakumbukira jumbo la pa msomali. Anakumbukira chikhakha cha Davison.

Anayandikira. Anapinda mawondo.

"Zikomo, amayi apolisi."

Wapolisi anawerama.

"Eee, mwana wanga. Wasochera?"

"Ayi. Ndimafuna kufunsa. Kodi inu mumalanga lole?"

Wapolisi anamwetulira.

"Lole sitilanga. Lole ilibe makutu. Timalanga woyendetsa."

Felista analoza kumizere. Wapolisi anayang'ana. Kumwetulira kunatha.

"Mizere ija ndi njira ya anthu oyenda pansi," anatero. "Ndi njira yako. Galimoto siima pamenepo. Dalaivala akaona munthu pamizere, amadikira munthuyo awoloke."

"Akapanda kutero, amamulanga ndani? Aphunzitsi akana. Bambo wa matikiti wakana. Anyamata amafuna kuphwetsa matayala."

"Aphunzitsi anena zoona. Bambo wa matikiti wanena zoona. Anyamatawo akanapalamula mlandu wawowawo. Ntchito imeneyi ndi yathu, apolisi apamsewu. Ife timalipiritsa chindapusa. Munthu akakana, kapena mlandu ukakula, amakaweruza ndi akhoti."

Kenako anafunsa, "Lole imeneyi ndi ya ndani?"

Felista anakumbukira shuga. Anakumbukira mabanzi. Misozi inatsika.

"Ndi ya amalume anga," anatero. "Koma iwo ndi eni mbumba. Amalanga ndi iwo."

Wapolisi anamupukuta misozi ndi chala.

"Kunyumba ndi amalume ako. Pamsewu ndi dalaivala. Tiye."

A Goliati anali pa sikelo. Ankayeza thumba la nandolo.

"Bambo, mwaimika galimoto pa njira ya anthu," anatero wapolisi.

"Njira ya anthu iti, bwana? Apa ndi poimira galimoto. Aliyense akudziwa."

"Anakuuzani ndani?"

A Goliati anayang'ana alimi. Alimi anayang'ana matumba awo.

"Komanso ino ndi demokalase," anatero a Goliati. "Munthu amaima pamene wafuna."

"Demokalase ndi ya oyenda pansinso," anatero wapolisi. "Tabwerani kuno."

Anapita nawo kuseri kwa lole. Anawaimika pamene ana ankawolokera.

"Nyonyomalani."

"Ine? Pamaso pa anthu?"

"Nyonyomalani. Mufanane msinkhu ndi mwana wa Sitandade 1."

A Goliati anali munthu wamtali. Ananyonyomala. Mawondo analira. Anyamata a pa siteji anaseka chamumtima.

"Tsopano yang'anani kumsewu. Mukuona chiyani?"

"Tayala."

"Chinanso?"

"Tayala basi."

Nthawi yomweyo njinga inadutsa. Inadutsa ngati mphepo, pafupi ndi mphuno yawo. A Goliati sanaione ikubwera. Anadzidzimuka. Anagwa chokhala pa phula.

Palibe anaseka.

A Goliati anakhala pomwepo. Anayang'ana tayala lija. Anayang'ana phula. M'mbali mwa msewu munkaonekabe timbewu ta mpunga.

Wapolisi analemba kapepala.

"Mukalipire chindapusa ku ofesi ya polisi. Akakupatseni lisiti. Ngati simukugwirizana nazo, tikaonana kukhoti."

A Goliati analandira ndi manja awiri. Kenako anamuona Felista.

"Ndiwe, Feli? Mwana wa mlongo wanga?"

Felista anayang'ana zala za kumapazi.

Amalume anachotsa sikelo. Analiza lole. Anapita osatsanzika.

Mizere inaoneka yonse. Inali yakuda ndi mafuta. Koma inali mizere.

Felista anafika kunyumba wopanda mchere. Anafotokoza zonse. Amayi anamvetsera mpaka pamapeto. Kenako anatsitsa jumbo pa msomali. Analipukuta fumbi.

"Mawa upite kusukulu," anatero. Koma maso awo anali ofiira.

Felista anapita kusukulu. Anawolokera pamizere. Anaimba ndi anzake. Koma mtima unali wolemera.

Madzulo amalume sanabwere. Mawa lake sanabwere. Mpando wawo unali pakhonde wopanda munthu.

"Achemwali, amalume atikwiyira?" anafunsa Davison.

"Kaya," anatero Felista.

"Amatikondabe?"

Felista anatembenukira kukhoma.

Nandolo anatha m'minda. Chikhakha anachichotsa. Mwendo wa Davison unatuluka wowonda, wotuwa. Ankayenda motsimphina. Amayi anati akhoza kuyamba sukulu.

Mmawa anafika m'mbali mwa msewu. Davison anaona mizere. Anaima. Anagwira diresi ya Felista.

"Sindiwoloka, achemwali."

"Lole palibe. Taona."

"Sindiwoloka."

Anayamba kulira. Belu linalira. Felista anasowa chochita.

"Msilikali salira pa njira," anatero mawu kumbuyo kwawo.

Anali amalume. Anabwera wapansi. Lole inali patali, pansi pa mtengo wa mango. Sikelo inali pa nthambi. Alimi anali atawapeza kumeneko.

Amalume ananyonyomala. Mawondo analira.

"Kwera pamsana."

Davison anakwera. Amalume anaimirira. Kenako anatambasula dzanja kwa Felista.

"Iwe Feli, tsogola. Njira iyi umaidziwa ndi iwe."

"Simunandikwiyire, amalume?"

"Ndinakwiya," anatero. "Ndinakwiya kwambiri. Koma ndikatseka maso ndinkangoona tayala."

Minibasi inkabwera. Amalume anakweza dzanja. Minibasi inaima. Dalaivala anadikira.

Anawoloka atatu. Mzere woyera, phula lakuda. Mzere woyera, phula lakuda. Davison ankawerenga mizere ali pamsana. Anafika tsidya lina akuseka.

Amayi anali ataima pa mpanda wa msika. Anaona zonse. Madzulo anaphika nyemba za kalongonda, ndipo mpando wa pakhonde unapeza mwini wake.

Pamenepa a Makina anamaliza kupopa tayala langa. Anati mtengo wa mango uja ndi womwewo tinakhala pansi pake.

Tsono ine ndinene zoona, ana inu. Ndayenda misewu yambiri. Za wapolisi ndikuvomera. Za chindapusa ndikuvomera. Koma zoti munthu wamkulu, mwini lole, ananyonyomala pamaso pa msika wonse, ine ndikukayika. Mwina a Makina anathirako kamchere kuti ndisatope kudikira. Chimene ndinaona ndi maso anga ndi ichi. Mizere inalipo. Pamizere panalibe galimoto. Ndinatsika pa njinga, n'kudikira ana awoloke.