Chakudya Chachiwiri cha a Lonnie Pruitt

Tsiku lomaliza limene Corey anaona bambo ake ali moyo linali Lachinayi masana, ku paki ya zisangalalo ya Marlow Point. Anawapeza pa tebulo lawo la masiku onse, kunsi kwa sitima ya m'mwamba, akudula nkhuku yokazinga pakati ndi kampeni ka pulasitiki. Theka analikankhira kwa mnzawo, a Wade Hensley. Pamwamba pawo ana ankakuwa ndi chimwemwe.

"Wafika profesa," anatero a Lonnie. "Khala pansi. Digiri sadya, tola tchipisi apa."

Corey anali atasiya koleji mwezi wa Malichi, chaka chachiwiri chisanathe. Bambo ake sanamukalipire. Anangomupatsa dzina la profesa limenelo.

A Lonnie sanakwerepo chilichonse m'pakimo. Ankachita chizungulire ngakhale pa makwerero. Iwo ankabwera kudzadya basi. Fakitale ya magalasi imene ankagwirako ntchito itatsekedwa, anaona kuti paki ndi yotchipa kuposa golosale. Khadi lolowera nyengo yonse pa paki imodzi linali madola 95. La chigawo, lolowera mapaki onse atatu a kampaniyo ku Ohio ndi ku Indiana, linali 140. Ukawonjezera 120 unkadya kawiri pa tsiku, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, bola pakati pa chakudya choyamba ndi chachiwiri padutse maola anayi.

Khadilo anagula ndi Corey, pa foni yake, ndi ndalama imene koleji inamubwezera. Anasankha la chigawo, lokhala ndi chakudya. Bambo ake anadandaula sabata yathunthu kuti wamwaza ndalama. Kenako anasiya kudandaula, chifukwa paki yachiwiri, Cutter Falls ya ku Indiana, ndi kumene anakumana ndi malemu mayi ake a Corey, mayiwo akugulitsa mbuliwuli. Anapangana ndi Corey kuti adzapitako awiri kusanayambe kuzizira.

A Wade anachotsedwa ntchito tsiku limodzi ndi a Lonnie. Nyumba inawathawa, ankagona m'galimoto. Anali ndi khadi lotchipa lija, lopanda chakudya. Choncho mbale iliyonse ya a Lonnie inkadulidwa pakati, masana ndi madzulo omwe.

Lachinayi limenelo a Lonnie anapukuta manja, n'kuyang'ana mnzawoyo.

"Wade, chamasana tizigawana monga kale. Koma kuyambira mawa chamadzulo ndizitengera mwanayu kunyumba. Taona mmene waondera."

A Wade anaseka. "Ndiye kuti profesa wandichotsa ntchito kachiwiri."

Corey nayenso anaseka. Anatola tchipisi ziwiri, n'kunyamuka kukafunsira ntchito kumalo otsukira magalimoto. Sanatsanzike.

Mawa lake, cha m'ma sikisi madzulo, banja lina lochokera m'paki linapeza a Lonnie ali chagada pafupi ndi galimoto yawo. Panali pa bwalo la tsidya la msewu, pamene anthu amaimika ulere ndipo palibe makamera. Mutu unali utamenya chimwala cha simenti. Kabokosi ka nkhuku kanali katatayikira m'fumbi. Chikwama chawo chinali m'thumba, ndalama zili momwemo.

Nkhaniyo inapita kwa mayi Yoder, wapolisi wofufuza milandu wa m'tauniyo. Dokotala anati mwina anangogwa okha. Koma Corey anauza mayiwo kuti khadi palibe, pamene bambo ake ankalivala m'khosi pa kachingwe kobiriwira ngakhale popita kutchalitchi. Mayi Yoder anali ataona kale kamzere kofiira kumbuyo kwa khosi la malemuwo. Anafunsa a Wade. Iwo anati anasiyana ndi mnzawo atangodya chamasana. Panalibe woti awatsutse.

Pa maliro a Wade ananyamula nawo bokosi. Analira kuposa aliyense. Anagwira Corey paphewa n'kumuuza kuti akupita kwa mchemwali wawo ku Kentucky, chifukwa tauni ino yawaipira.

Corey sanaletse khadilo. Ankaona ngati kuliletsa n'kuwakwiriranso kachiwiri.

Lachitatu la sabata yotsatira, nthawi ili 12:20 masana, anali atagona pa mpando wa bambo ake pamene foni inalira. Unali uthenga wa kampani ya paki, wofanana ndi umene unkabwera tsiku lililonse bambo ake ali moyo. "Zikomo a Lonnie! Tikhulupirira mwadya bwino kuno ku Cutter Falls. Chakudya chanu chachiwiri mutha kutenga kuyambira 4:20."

Kwa kamphindi mtima wake unakhulupirira. Anaganiza kuti bambo ake apita okha osamudikira. Kenako anavala nsapato n'kuthamangira kupolisi.

Mayi Yoder anawerenga uthengawo ali chiimire. Anaimbira apolisi a ku Indiana, kenako akuluakulu a paki. Akupakiwo anafuna kutseka khadilo pompo.

"Musalitseke," anatero mayiwo. "Musiyeni adye."

Anatembenukira kwa Corey. "Ukuganiza kuti abweranso?"

"Abwera. Munthu amene wayendera khadi limeneli sasiya chakudya chachiwiri."

Ulendo wa ku Cutter Falls ndi wa maola atatu. Mayi Yoder anamutenga kuti akathandize kuzindikira munthuyo, koma anamuuza kuti azikhala kumbuyo kwawo ndipo asakhudze aliyense. M'njira Corey ankayang'ana minda ya chimanga. Umenewu ndi msewu umene anapangana ndi bambo ake.

Analowa m'paki itangokwana folo. Pachipata pankanunkhira mbuliwuli. Apolisi awiri a kumeneko, ovala wamba, anali ataima kale pafupi ndi kanyumba kogulitsira nkhuku.

Nthawi itakwana 4:20, pa mzere panaima bambo wa ndevu zaimvi, atavala kapusi yabuluu. Chithunzi cha a Lonnie pa khadi chinalinso cha munthu wa ndevu ndi kapusi. Mtsikana wogulitsayo sanadzutse n'komwe mutu. Anangowalitsa kamakina pa khadi n'kupereka mbale.

Munthuyo anakakhala pa tebulo lopanda anthu. Anatenga kampeni ka pulasitiki, n'kudula nkhukuyo pakati. Theka analikankhira tsidya lina la tebulo, pamene panalibe aliyense. Anakhala akuliyang'ana.

Corey anaiwala zimene anauzidwa. Anadutsa mayi Yoder n'kukaima patsogolo pa tebulolo.

"Ankolo Wade."

A Wade anadzutsa mutu. Sanathawe. Kachingwe kobiriwira kanali m'khosi mwawo, kali ndi mfundo pamene kanadukira.

"Profesa."

"Dzina limenelo si loti inu muzinditchula."

Mayi Yoder anafika, n'kuwauza kuti amangidwa ndiponso kuti ali ndi ufulu wokhala chete. A Wade sanakhale chete. Anati tsiku lija anatsatira mnzawo mpaka ku galimoto kukapempha kabokosi kaja, a Lonnie n'kukana. Anapempha khadi, la tsiku limodzi lokha, n'kukananso. Ndiye anakoka chingwe.

"Sindinamumenye, mwana wanga. Chingwe chinaduka, iye n'kugwa. Ndinamuitana, sanadzuke."

"Ambulansi munaiitana?"

A Wade anayang'ana mbale.

Mayi Yoder anafunsa chifukwa chake anabwera mpaka kuno. Iwo anati ku Marlow Point aliyense ankamudziwa Lonnie, mpaka osesa omwe. Kuno kunalibe womudziwa. Ndipo popeza kafoni ka Lonnie kanali kongoimbira, sanaganizeko kuti pali wina amene amalandira mauthenga.

"Ndinapirira mpaka ndalama zinatha," anatero. "Njala, mayi."

Wapolisi wina anawavula khadi m'khosi, mnzake n'kuwamanga unyolo. Podutsa pa mzere wa ana odikira akatungwe, a Wade anawerama kuti kapusi ibise nkhope. Theka lija linatsala pa tebulo. Corey anaima pomwepo mpaka mnyamata wosesa anafunsa ngati amaliza.

Mlandu unazengedwa mwezi wa Febuluwale, kunja kukugwa chipale chofewa. Dokotala anauza khoti kuti a Lonnie anakhala akupuma pafupifupi ola lathunthu, ndipo akanathamangitsidwa kuchipatala akanachira. A Wade anavomera mlandu wopha munthu mosakonzekera ndi wolanda. Woweruza anawapatsa zaka khumi ndi chimodzi. Kundendeko amadya katatu pa tsiku.

Sabata yomweyo foni ya Corey inaliranso. Kampani inkauza a Lonnie kuti yawasowa, ndipo akagula msanga khadi la chaka chino awatsitsira mtengo. Corey sanaufufute uthengawo.

Mayi Yoder anabwera okha kudzamupatsa khadi lija, lili m'kathumba ka pulasitiki ka umboni. Pa chithunzi bambo ake anali atatsinzina diso limodzi chifukwa cha dzuwa. Corey analitembenuza kuti aone kumbuyo.

Linatha ntchito pa 29 Okutobala 2023.