Mutu Pansi

Ntchito yanga ndi kumvetsera phokoso. Musaseke. Mainjiniya akapinda nsonga za mapiko a helikopita kuti asamasokose, ine ndimatchera mamaikolofoni m'shedi n'kuyeza ngati phokoso latsikadi. Timayesa usiku, magalimoto akaleka kudutsa.

M'shedimo mulibe helikopita. Muli mzati wachitsulo, mapiko anayi pamwamba pake, ndi mzere wachikasu pansi. Mapiko akamazungulira, mzerewo sawoloka munthu. Kale sitinkachita kukumbutsana. Phokoso lokha linkakukankhira kukhoma.

Lachinayi lija tinamangirira mapiko atsopano. Amakanika athu, amene amakonza makina a m'shedimo, anawayatsa n'kutuluka kukasuta. Ndinatsala ndekha m'kachipinda kagalasi.

Mapikowo ankangoti fuu, fuu, ngati munthu ali m'tulo. Mtima unakana kukhazikika. Ndinaimirira, ndinakhala, ndinaimiriranso. Kenako maikolofoni yachitatu inayamba kuthetheka. Ndinatuluka kukaona waya wake. Maso anali pawaya. Makutu, amene ndimadyera, anandinamiza kuti makina azima.

Ndinawoloka mzere.

"Mutu pansi!"

Mawu a munthu wamkulu, osasa, pakhutu penipeni. Ndinadzigwetsa. Chipewa changa chinachoka ngati wina wachitsomphola. Ndinakwawa chamimba mpaka kukhoma. M'shedi munalibe munthu. Chitseko chinali chotseka.

Amakanika atabwera anazimitsa makina, n'kutola chipewacho. Chinali chitang'ambika pakati.

"Munandikuwira ndinu?" ndinafunsa.

"Ine ndinali kugeti, achimwene. Mwamva chiyani?"

Ndinawauza.

"Amene anandiphunzitsa ntchito ankakuwa choncho asanayatse," anatero. "Anafera pamzere pomwepa, inu musanalembedwe. Iwowo panalibe wowakuwira."

Kunyumba sindinapite. Mantha ndinali nawo, sindibisa, komabe ndinatsegula mawu amene tinajambula kale, a mapiko osokosa aja, n'kumasefa phokoso pang'onopang'ono. A chaka chatha. A chaka chinacho. Pansi pa phokosolo, usiku uliwonse, mawu omwe aja: mutu pansi, mutu pansi. Tsiku lina mpaka kakhumi.

Akhala akukuwa zaka zonsezi, ife osamva.

Kutacha mainjiniya anawombera m'manja ataona manambala anga. Akuti mapiko otsatira adzakhala achete kuposa awa. Ine ndinangofinya chipewa changa m'thumba.

Masiku ano amakanika asanayatse amakuwa, "Mutu pansi!" Kenako tonse awiri timaima kaye, osapuma, chala chawo chili pabatani. Mainjiniya amayang'ana wotchi n'kumang'ung'udza. Sitinawauze kuti timadikira ndani.