Idah ndi Mafuta a Kampheta

Idah ankakhala ku Golomoti. Pakhomo pawo panali mtengo wa mandimu. Mumtengomo munkatera kampheta kachikasu. M'mawa uliwonse kankaimba. Idah ankakakonda kwambiri.

Mpunga wa ku Bwanje utakololedwa, kunayamba kuzizira. Mphepo ya mwera inkawomba. Kampheta kanaonda. Kanangokhala phee panthambi. Kanaleka kuimba.

"Amayi, kampheta kanga kaonda," anatero Idah. "Ndikufuna kaimbenso."

"Kukazizira mbalame zimafuna mafuta," anatero amayi ake. "Mafuta amafunditsa thupi."

Mafuta! Idah anathamangira kukhitchini. Pachiwaya panali mafuta otsala. Anali okazingira usipa. Idah anawathira paphale. Anaika phalelo pansi pa mtengo.

Kampheta kanatsika. Kanajompha kamodzi. Kanapukuta mlomo panthambi. Kanapukutanso. Kenako phururu, kanauluka.

Achimwene ake a Idah, a Bizeki, anaseka kwambiri.

"Iwe Idah, wayamba kale kukathira mafuta? Bweretsanso tomato ndi anyezi!"

"Achimwene, musatero! Si ndiwo iyi!"

Misozi inalengeza m'maso mwa Idah. Amayi anamugwira paphewa.

"Usalire, mwanawe. Mafuta a pachiwaya ali ndi mchere. Mchere umadwalitsa mbalame. Komanso mafutawa amamata nthenga."

"Nanga mafuta a mbalame ali kuti?"

"Mulungu anawabisa pabwino," anatero amayi. "Tenga mtedza ndi mtondo."

Idah anatenga mtedza wosakazinga. Anasankha wabwino wokhawokha. Wachuku anataya. Kenako anasinja. Du! Du! Du!

"Tsopano fikisa nsinjirozo ndi zala."

Idah anafikisa. Anafikisanso. Zala zake zinayamba kunyezimira.

"Amayi, mafuta! Muli mafuta mumtedza!"

"Eya. Amene analenga mbalame sanaiwale chakudya chake."

A Bizeki anakanda kumutu. Anapita kuseri kwa nyumba. Anabwera ndi mutu wouma wa mpendadzuwa.

"Umunso muli mafuta," anatero. "Koma usauze anzanga kuti ndikudyetsa akuba mpunga."

Idah anathira nsinjiro palichero lakale. A Bizeki anatonolerapo mpendadzuwa. Anaika licherolo pamwamba, pomwe mphaka sangafike.

M'mawa kampheta kanabwera. Kanajompha. Kanajomphanso. Sikanathawe. Mawa lake kanabwera ndi anzake. Tsiku ndi tsiku kankadya. Nthenga zake zinasalala. Koma kanali kasanaimbe.

Lamulungu m'mawa onse anavala zopita kutchalitchi. Amayi anatseka chitseko.

Tsii! Tsii! Tsiriri!

Idah anaima nji.

"Kakuimba! Amayi, kakuimba!"

"Tiyeni, tichedwa," anatero a Bizeki.

"Dikirani, achimwene. Kakuthokoza Mulungu."

Amayi anamwetulira. Anaika dzanja pamutu pa Idah. Onse atatu anaima pakhomo. Anamvetsera mpaka kampheta kanamaliza nyimbo yake.