Mitembo ya ku Vadu Arin

Lachiwiri m'mawa, cha m'ma teni koloko, a Octavian Bejenaru anagona chagada pansi m'khitchini mwawo, malaya atanyowa ndi madzi ofiira a bitiruti, n'kufa. Anafa bwino ndithu. Munthu amene moyo wake wonse anali mkulu wa pasiteshoni ya sitima m'tauni mwathu muno mwa Vadu Arin ankadziwa kumvera lamulo. Anali atauzidwa kuti asaphethire, asatsokomole, asasunthe ngakhale chala mpaka atamva mawu akuti "dzukani". Ntchentche inawatera pamphuno, anaipirira. Msana unayamba kuwawa ndi kuzizira kwa simenti, anapirirabe.

Mawuwo sanabwere. Atatsegula diso limodzi anapeza kamera palibe, ndipo anthu awiri amene ankawajambula anali atapita. Pakhoma la kum'mawa, pamene pankakhala chithunzi cha Maria Woyera chokutidwa ndi siliva, chimene malemu mkazi wawo analandira kwa makolo ake, panatsala msomali wokha. Ndolo za malemuwo zinapitanso, pamodzi ndi wotchi yagolide imene iwo anapatsidwa popuma ntchito.

Zonsezi zinayamba ndi sewero la pa kanema lija, Mlandu wa Lachinayi. Ife akuno timalikonda kuposa muyezo. Gawo lililonse limayamba ndi mtembo watsopano, sabata ino wophika buledi, sabata inayo mkazi wa loya wopezeka mumtsinje. Mtembowo umaoneka kanthawi kochepa, apolisi a m'seweromo amauvundukula n'kupukusa mitu, ndipo pofika Lachinayi lotsatira palibe amene amakumbukira kuti wakufayo anali ndani. Komabe ndani angakane kuti dziko lonse lione nkhope yake, ngakhale ili yotsinzina?

Amene anagogoda kwa a Bejenaru anali mwamuna wa mpango m'khosi wodzitchula kuti Silviu, ndi mayi wina dzina lake Mirela, wonyamula bokosi la zodzoladzola. Anati ku likulu nkhope zatha, popeza munthu akafa kamodzi m'seweromo sangafenso kachiwiri, choncho akusaka nkhope zatsopano m'matauni ang'onoang'ono ndipo akujambulira m'nyumba za eni ake. Anati nkhaniyo ndi yachinsinsi, woulula gawo lake amalitaya. Anati anawatuma ndi mayi Aurelia Dobrin, mphunzitsi wopuma, amene anawauza kuti m'tauni monse mulibe nkhope yaulemu ngati ya a Bejenaru. Mkuluyo atamva zimenezi anatulutsa kachasu wake wa zipatso za mapulamu, amene satulutsira mlendo wamba.

Koma chimene chinawakhazika pampando mutu uli m'manja sichinali chithunzi kapena ndolo. Pamene Mirela ankawapaka phaudala, Silviu anafunsa ngati akudziwa mayi wachikulire wokhala ndi zokongoletsera zakale, woti afe sabata yamawa. Iwo, pofuna kuoneka munthu wodziwa anthu, anatchula mayi Filofteia Zamfir, namfedwa wa m'nyumba ya pamwamba pawo, amene anasamalira mkazi wawo akudwala mpaka kumutseka maso. Anauza Silviu za mkanda wa ndalama zagolide umene mayiwo ankasungira mdzukulu wawo kuti adzavale pa ukwati wake. Anaperekanso nambala ya foni.

Tsikulo sanapite kupolisi. Anachapa malaya aja n'kuwayanika m'bafa kuti aneba asawaone.

Lachitatu anapita kwa mayi Dobrin, mtima uli ndi mkwiyo. Mphunzitsiyo anawalandira ndi khofi, maso ali kumbali. Pamwamba pa piyano, pomwe pankakhala wotchi yaikulu yamkuwa, panali kansalu koyera basi. Anacheza za nyengo ndi za mtengo wa nkhuni. Kenako mayiwo anafunsa motsitsa mawu ngati kujambula kunayenda bwino.

"Kunayenda bwino kwambiri," anatero a Bejenaru. "Nanga kwa inu?"

"Bwinonso. Ndi anthu aulemu."

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Akutsika masitepe, a Bejenaru ankatukwana chamumtima mphunzitsi amene anadziwa zonse koma osawatsina khutu. Asanafike pamsewu anazindikira kuti nawonso akuchita zomwezo, ndipo manyazi anawagwira koopsa.

Komabe anakhala chete. Loweruka mayi Zamfir anatsika, tsitsi atakonzetsa kusaluni, nkhope ikuwala ngati ya mwali. Ananong'ona kuti a kanema aja aimba foni, abwera Lachiwiri, ndipo anathokoza a Bejenaru powakumbukira. Anati mwamuna wawo chimwalirireni palibe amene anawasankhapo pa chilichonse. A Bejenaru anatsegula pakamwa kuti aulule. Chimene chinatuluka n'chakuti tsitsilo lawakhala bwino.

Lolemba m'mawa anavala jekete lawo lakale la kunjanji n'kupita kupolisi. Wapolisi wa pakauntala atamva chiyambi cha nkhaniyo analuma mlomo, kenako analephera kudzigwira, naitana mnzake kuti adzaone maliro oyenda okha. Insipekita Ruxandra Cojocaru, mayi wamfupi wosakonda nthabwala, anayang'ana apolisiwo kamodzi kokha, kuseka n'kutha. Anatengera mkuluyo mu ofesi mwake.

"Munagona nthawi yaitali bwanji?"

"Pafupifupi ola."

"Simunamve akutsegula makabati?"

"Ndinamva. Anali atandiuza kuti azisuntha katundu kuti pakhale malo a kamera."

"Wotsatira ndani?"

A Bejenaru anayang'ana nsapato zawo. Dzinalo linatuluka movutikira.

Insipekitayo sanachedwe. Pofika masana anali atatsata mndandanda wa oberedwa chobwerera m'mbuyo. Mayi Dobrin anatchulidwa ndi dokotala wa mano wopuma, dokotalayo anatchulidwa ndi mlamu wake, mlamuyo ndi mkazi wa malemu wansembe. Aliyense anafa Lachiwiri lake, aliyense anapereka mnzake, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anadandaula kupolisi. Dokotala uja anali atauza ana ake kuti sipuni zasiliva anapereka kwa osauka. Paja manyazi anapha lambe. Anthu asanu, kuphatikizapo a Bejenaru, ankakumana kutchalitchi Lamulungu lililonse, kupatsana moni, aliyense akuganiza kuti chitsiru ndi iye yekha.

Cha m'ma folo koloko Insipekita Cojocaru anakwera masitepe a kwa mayi Zamfir, ndipo anakakamiza a Bejenaru kuti akwere nawo akanene ndi pakamwa pawo. Mkuluyo anafotokoza ataimirira pakhomo, chipewa chili m'manja. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto osawadula.

"Loweruka lija munali mukudziwa kale?"

"Ndinali ndikudziwa, mayi."

Mayi Zamfir anatembenukira kwa insipekitayo n'kufunsa kuti agone pati.

Lachiwiri Silviu ndi Mirela anafika pa nthawi yake, ataimika galimoto kuseri kwa nyumba. Anayamikira makatani. Anayamikira mkanda umene mayiwo anavala m'khosi. Mirela anawapaka phaudala, anawathira madzi ofiira pachifuwa, n'kuwagoneka pa kapeti. Kenako Silviu anayang'ana mu kamera n'kudandaula kuti golideyo akuthwanima kwambiri, bola amuvule kaye aikidwe patebulo. Mayiwo anatsinzina, ndipo amene anaona amati sipanakhalepo mtembo wokwiya ngati umenewo.

Mkandawo utangolowa m'bokosi la zodzoladzola, chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Apolisi awiri anatuluka, wina anatulukira kubafa. Mirela anakhala pansi n'kuyamba kulira. Silviu anathawira pamasitepe, koma pansi anapeza Insipekita Cojocaru ataima pakhomo, unyolo uli m'manja.

"Nthawi ya kudzuka yakwana, bambo," anatero insipekitayo.

Dzina lenileni la wakubayo linali Silviu Rotaru. Anagwirapodi ntchito ku sewerolo zaka zingapo, ndipo ntchito yake inali yosaka anthu oti azikhala mitembo, mpaka anamuchotsa chifukwa cha mowa. Kumeneko n'kumene anaphunzira kuti munthu wamkulu ndi ulemu wake akhoza kugona m'matope tsiku lonse bola umuuze kuti ali ndi nkhope yabwino. Pomufunsa sanakane kanthu. Anangoti iye sanathyolepo loko wa munthu, ndipo sanaopsezepo munthu kuti akhale chete, eni ake ankadzitseka okha pakamwa.

Chimene chinamumaliza ndi chizolowezi cha ntchito yake. Wakuba wina aliyense akananyamula kamera yopanda kanthu. Iye ankajambuladi, ndipo monga munthu wa kanema sankafufuta zimene wajambula. Apolisi anazipeza zonse kunyumba kwake ku likulu, zitasanjidwa bwino sabata ndi sabata. Chithunzi cha Maria anachipeza kwa wogulitsa zinthu zakale. Ndolo zija zinali zitasungunulidwa kale.

Mlandu unalowa m'khoti nyengo yachisanu ikuyamba. Mwa anthu onse oberedwa, amene anabwera kudzapereka umboni anali a Bejenaru ndi mayi Zamfir basi, enawo anatumiza uthenga woti akudwala. Koma tauni yonse inadzadza m'chipindamo, pakuti ife nkhani ya mnzathu sitiiphonya. Woweruza analamula kuti kanemayo aonetsedwe. Motero a Bejenaru anaonekadi pa kanema, atagona chagada, ntchentche ili pamphuno, miyendo ya Mirela ikudutsa pambali pawo ndi chithunzi chija kukhwapa. Anthu anaseka mpaka woweruza anamenya patebulo.

Kenako loya wa boma anabweza kanemayo kumayambiriro. Kamera inali itayatsidwa kale pamene ankapaka a Bejenaru phaudala. Mawu awo anamveka bwinobwino, osangalala, a munthu amene wamwa pang'ono.

"Golide weniweni, mwana wanga, wa agogo ake. Amamusunga mu uvuni wakale. Ndipo amakhala yekha, palibe angakusokonezeni."

Apa panalibe woseka. A Bejenaru anayang'ana pansi mpaka mlandu unatha.

Rotaru anamugamula kuti akakhale kundende zaka zisanu, Mirela zaka ziwiri. Anthu anatuluka akukambirana za chilangocho, ena akuti chachepa.

A Bejenaru anawapeza mayi Zamfir pamalo okwerera basi. Anavula chipewa ngakhale kunkazizira. Anayamba kupepesa, mawu akuthawa, ndipo mayiwo anawasiya kuti amalize.

"Za mkanda zisiyeni, a Bejenaru, tsikulo munapusitsidwa monga ndikanapusitsidwira inenso," anatero mayiwo. "Koma akuba aja sindinkawadziwa. Inu ndinkakudziwani, ndipo ndinabwera pakhomo panu kudzakuthokozani."

Basi inafika, mayiwo anakwera. Inali basi yomweyo imene imaima pakhomo pa nyumba yawo onse awiri, ndipo munali malo ambiri. A Bejenaru anaisiya inyamuke, n'kuyamba ulendo wapansi.